Mabuku a Zithunzi Oyenera Ana a Kugombe la Nyanja ya Chilwa

Buku la zithunzi ndi buku limene nkhani yake imayenda ndi zinthu ziwiri, mawu ochepa ndi zojambula zazikulu, mwakuti chimodzi chikachotsedwapo nkhaniyo imaperewera. Ambiri mwa mabuku otere amakhala ndi masamba 24 kapena 32, ndipo amalembedwera ana amene sanayambe kuwerenga paokha, kuyambira khanda lomwe langophunzira kukhala pansi kufikira mwana wa Sitandade 2 kapena 3. Wamkulu ndiye amawerenga, mwana n'kumamvetsera maso ali pa chithunzi. Buku la m'kalasi limaphunzitsa zilembo ndi maphatikizo motsatira ndondomeko ya aphunzitsi, pamene buku la zithunzi limapatsa mwana mawu atsopano, limamuzoloweretsa kutsatira nkhani kuchokera poyambira mpaka pothera, ndiponso limamuchititsa kukonda buku asanakumane ndi choko.

Kugombe la kumadzulo kwa nyanja ya Chilwa, m'madera a mafumu aakulu Mwambo ndi Kuntumanji m'boma la Zomba, mabuku a mtunduwu sapezeka wamba. Doko la Kachulu, kumene maboti opita ku chilumba cha Chisi amanyamukira, lili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 30 kuchokera mumzinda wa Zomba, komwe kuli masitolo a mabuku ndi laibulale. Mabanja ambiri amadalira usodzi wa matemba, makumba ndi milamba, ulimi wa mpunga m'madambo ndi m'masikimu a Likangala ndi Domasi, komanso malonda a nsomba zouma. Nyanjayi ndi yosaya ndipo ilibe mtsinje wotulutsa madzi, choncho imakula ndi kuphwa potsatira mvula. Inauma mu 1968 ndi mu 1995, ndipo mu 2018 mbali yake yaikulu inasanduka dothi long'aluka. Madzi akatsika, ndalama za pakhomo zimatsika nawo, ndipo buku limabwera pambuyo pa ufa, mchere ndi sopo.

Vutoli ndi la dziko lonse. Kafukufuku wa m'makomo amene National Statistical Office, yomwe likulu lake lili ku Zomba komweko, inachita mothandizana ndi UNICEF mu 2014 anapeza kuti mwa ana 100 alionse osakwana zaka zisanu, pafupifupi mmodzi yekha ndiye amakhala pakhomo pamene pali mabuku a ana atatu kapena kuposerapo. Kafukufuku wotsatira wa 2019 mpaka 2020 anasonyeza kuti mwa ana 100 a zaka 7 mpaka 14, ana 19 okha ndi amene amatha kuwerenga kankhani kakafupi n'kuyankha bwino mafunso ake. Pamene mabuku ndi ochepa chonchi, buku lililonse logulidwa kapena lobwerekedwa liyenera kusankhidwa mosamala.

Zimene chithunzi chimachita

Mwana amadziwa kuwerenga chithunzi kale asanadziwe chilembo. Akaona nkhuku yojambulidwa amailoza n'kuitchula, ndipo wamkulu akawonjezera kuti ndi thadzi lomwe likufungatira anapiye, mwanayo wapeza mawu atatu atsopano pa tsamba limodzi. Kukambirana kotereku ndi kumene kumakulitsa chiyankhulo. Ku Khayelitsha, mumzinda wa Cape Town, ofufuza motsogozedwa ndi Peter Cooper ndi Lynne Murray anaphunzitsa amayi kwa masabata asanu ndi atatu momwe angaonere mabuku a zithunzi limodzi ndi ana a miyezi 14 mpaka 16. Zotsatira zomwe zinafalitsidwa mu 2015 zinasonyeza kuti anawo anadziwa mawu ambiri ndipo ankatha kuika maganizo pa chinthu chimodzi kwa nthawi yaitali kuposa anzawo. Kafukufuku wina wa kumidzi ya ku Kisumu m'dziko la Kenya, wofalitsidwa mu 2020, anapeza kuti ana a makolo osadziwa kuwerenga ndi amene anapindula kwambiri pamene makolowo anapatsidwa mabuku a zithunzi ndi kuphunzitsidwa kukambirana nawo.

Mfundo yachiwiriyi ndi yofunika kugombe la Chilwa, kumene ana ambiri amatsala ndi agogo, makolo ali kumunda wa mpunga kapena pa nyanja. Agogo amene sanapite kusukulu angathe kutsegula buku, kuloza chithunzi ndi kufunsa mdzukulu kuti kalulu wabisala pati. Luso limeneli ali nalo kale kuchokera ku nthano za madzulo, momwe wokamba amayamba ndi "Padangokhala" ana n'kuvomera "Tilitonse." Buku labwino la zithunzi limafuna kuvomerezana komweko.

Kusankha potsatira msinkhu

Kwa khanda losakwana zaka ziwiri, buku ndi chinthu chogwira, chomenya pansi ndi choika kukamwa. Loyenera ndi la masamba a katoni yolimba kapena la nsalu, lokhala ndi chinthu chimodzi pa tsamba lililonse: nkhope ya munthu, kapu, mbuzi, nsomba. Mitundu ikhale yowala ndipo chithunzi chisadzaze ndi tizinthu tambiri. Mawu angathe kusowa ndithu.

Wa zaka ziwiri mpaka zitatu amakonda kubwereza. Amafuna nkhani imene chiganizo chimodzi chimabweranso pa tsamba lililonse kuti azichinena yekha wamkulu asanamalize. Mabuku owerengera zinthu, a kulira kwa nyama ndi a zochitika za tsiku ndi tsiku monga kusamba, kudya phala ndi kupita kumjigo ndi amene amamugwira mtima.

Ana a zaka zinayi ndi zisanu, amene ambiri mwa iwo ali kusukulu za mkombaphala, amatha kutsatira nkhani yokhala ndi vuto ndi mathero ake. Pa msinkhu umenewu mwana amafunsa chifukwa chake fisi anachita zakuti, amalosera za tsamba lotsatira, ndipo amaseka akaona chinthu chimene munthu wa m'nkhani sanachione. Nthano za Kalulu, Kamba ndi Fisi zimakwanira bwino pano.

Kuyambira zaka zisanu ndi chimodzi mwana amafunika mabuku a mitundu iwiri. Woyamba ndi wa timabuku ta ziganizo zazifupi, topangidwa ndi maphatikizo amene waphunzira kale, toti aziwerenga yekha. Wachiwiri ndi wa nkhani zazitali zimene wamkulu amamuwerengerabe, chifukwa makutu a mwana amamva zambiri kuposa zimene maso ake angathe kuwerenga.

Pa misinkhu yonseyi pali zinthu zitatu zoyang'ana. Choyamba ndi chiyankhulo: buku loyamba la mwana likhale m'chiyankhulo chimene amayankhula, ndipo kugombe la Chilwa chimenechi ndi Chichewa, Chiyao, ndiponso Chilomwe m'makomo ena. Chachiwiri ndi zojambula: mwana azitha kunena zimene zikuchitika ngakhale mawu ataphimbidwa ndi dzanja. Chachitatu ndi chakuti mwana adzipezemo. Buku la chipale chofewa ndi masitima oyenda pansi pa nthaka lili ndi nthawi yake, koma mwana amayamba kuyankhula momasuka akaona mtondo, dengu, njinga ya kabaza ndi mayi wobereka mwana kumbuyo.

Mabuku a m'Chichewa

Gwero loyamba ndi National Library Service, bungwe la malaibulale a boma limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 1967 ndipo lili ndi nthambi mumzinda wa Zomba. Bungweli linasindikiza timabuku ta ana ta mndandanda wa Werengani, mothandizidwa ndi bungwe la ku Canada la CODE. Timabukuti tinalembedwa ndi kujambulidwa ndi Amalawi, m'Chichewa ndi m'Chingerezi, ndipo nkhani zake ndi za kumudzi, za nyama ndi za kusukulu. Bungwe lomweli, mogwirizana ndi Malawi National Commission for UNESCO ndi Rei Foundation, lakhala likujambula nthano kuchokera kwa akuluakulu m'maboma osiyanasiyana kuyambira mu 2012, ndipo nthano zina zimakambidwa kwa ana m'malaibulale ake.

Gwero lachiwiri ndi sukulu. Mabuku a m'kalasi a sukulu za pulayimale amakonzedwa ku Malawi Institute of Education ku Domasi, pafupi ndi mtsinje womwe umathira m'nyanja ya Chilwa. Makolo ambiri amakumbukira buku la Sosa ndi nkhani za Timve ndi Tsala. Ana a lero amaphunzira kudzera mu National Reading Programme, ndondomeko yomwe Unduna wa Zamaphunziro unayamba mu 2016 yophunzitsa kuwerenga m'Chichewa ndi m'Chingerezi kuyambira Sitandade 1 mpaka 4. Buku la Chichewa la Sitandade 1 lili ndi zithunzi zambiri za zinthu zodziwika, ndipo mwana akabwera nalo kunyumba, mng'ono wake wa zaka zitatu angathe kulozamo ndi kutchula zimene akuona.

Gwero lachitatu ndi intaneti. African Storybook, ntchito ya bungwe la Saide la ku South Africa yomwe inatsegulidwa mu 2014, ili ndi nkhani za zithunzi m'ziyankhulo zambiri za mu Africa, kuphatikizapo Chichewa ndi Chinyanja cha ku Zambia. Nkhanizo zinagawidwa m'magulu potsatira kuvuta kwa mawu, kuyambira za liwu limodzi kapena awiri pa tsamba mpaka za ndime zathunthu. Book Dash, bungwe linanso la ku South Africa loyambika mu 2014, limasonkhanitsa alembi ndi ojambula odzipereka amene amapanga buku lathunthu m'maola 12, ndipo ena mwa mabuku ake alibe mawu n'komwe, choncho amagwira ntchito m'chiyankhulo chilichonse. StoryWeaver ya Pratham Books ku India, yoyambika mu 2015, imalola munthu kumasulira yekha nkhani. Mabuku onsewa ndi aulere, ndipo chilolezo chake cha Creative Commons chimalola kuwakopera, kuwamasulira ndi kuwasindikiza popanda kulipira mlembi, bola mayina a olemba ndi ojambula asachotsedwe. Mphunzitsi wa ku Kachulu kapena ku Jali amene ali ndi foni ya intaneti angathe kutsitsa nkhani, kuimasulira m'Chiyao, n'kukaisindikiza mtauni. Pomasulira nkhani za Chinyanja cha ku Zambia ndi bwino kukonza mawu ndi kalembedwe kuti zifanane ndi zimene mwana adzakumane nazo m'kalasi.

Mabuku onena za Malawi

Pali mabuku angapo a m'Chingerezi amene nkhani zake zinachokera kuno, ndipo zithunzi zake zimamveka ngakhale wamkulu atazifotokoza m'Chichewa kapena m'Chiyao.

Galimoto, lolembedwa ndi Karen Lynn Williams ndi kujambulidwa ndi Catherine Stock mu 1990, limasimba za Kondi, mnyamata wa zaka 7 amene watsimikiza kupanga galimoto ya mawaya. Tsiku lonse amayendayenda m'mudzi, kusitolo ndi kuchigayo, kufunafuna mawaya, akuluakulu ena akumukayikira, mpaka madzulo galimotoyo itatheka. Mlembiyu anakhalapo m'Malawi, ndipo mudzi wa m'bukuli ndi wa m'mphepete mwa madzi. Ana a zaka zinayi kupita m'tsogolo amalimva mosavuta chifukwa masewerawo ndi awo omwe, ndipo likatha kuwerengedwa ntchito yotsatira imadziwika yokha: kukatola mawaya.

The Mean Hyena, lolembedwa ndi Judy Sierra ndi kujambulidwa ndi Michael Bryant mu 1997, ndi nthano ya kuno ya Fisi amene anapanikiza Kamba pa mphanda ya mtengo. Kamba ali pamtengopo anayamba kukongoletsa zikopa za nyama, mbidzi n'kulandira mizere, kambuku n'kulandira mawanga, ndipo Fisi atabwera kuti naye akongole analandira malipiro a nkhanza zake. Mayina a Fisi ndi Kamba anasungidwa momwemo m'bukuli.

The Boy Who Harnessed the Wind lili ndi mtundu wa zithunzi wa ana umene unatuluka mu 2012, wolembedwa ndi William Kamkwamba ndi Bryan Mealer, wojambulidwa ndi Elizabeth Zunon. Kamkwamba, wa ku Wimbe m'boma la Kasungu, anasiya sukulu chifukwa chosowa fizi pa njala ya 2001 mpaka 2002, ndipo ali ndi zaka 14 anapanga makina opukusa magetsi ndi mphepo pogwiritsa ntchito zitsulo zotayidwa, ziwiya za njinga ndi mitengo ya bulugamu, atatengera nzeru m'buku la m'laibulale yaing'ono ya kwawo. Ndi loyenera ana a zaka zisanu ndi chimodzi kupita m'tsogolo, makamaka m'dera limene chilala chimadziwika ndi mwana aliyense.

Ana akamakula n'kuyamba kufuna mawu ambiri kuposa zithunzi, pali mabuku a Steve Chimombo, mlembi wa ku Zomba amene anaphunzitsa ku Chancellor College ndipo anamwalira mu 2015. Child of Clay ndi The Bird Boy's Song ndi nkhani zimene anazitenga ku nthano za makolo.

Ochokera kumaiko ena

Handa's Surprise, la Eileen Browne la mu 1994, ndi chitsanzo chabwino cha momwe chithunzi chimanenera zimene mawu abisa. Handa, mtsikana wa ku Kenya, wasenza dengu la zipatso zisanu ndi ziwiri kupita kwa mnzake Akeyo. Panjira nyama zikutengamo chipatso chimodzichimodzi iye osadziwa, ndipo mawu a m'bukuli satchula za kubako. Mwana woonerera ndi amene amadziwa chinsinsicho, choncho amakuwa kuchenjeza Handa. Pomaliza mbuzi imagunda mtengo wa manachesi, dengu n'kudzazanso.

Baby Goes to Market, la Atinuke wa ku Nigeria, lojambulidwa ndi Angela Brooksbank mu 2017, ndi la mwana woberekedwa kumsana amene ogulitsa mumsika akumuninkha nthochi, malalanje, mabisiketi ndi chimanga chootcha. Iye amadya chimodzi, zotsala n'kuponya m'dengu lomwe mayi ake asenza. Limaphunzitsa kuwerengera ndi kuchotsera, ndipo ndi loyenera ana a zaka ziwiri mpaka zisanu. Msika wake sukusiyana kwenikweni ndi wa pa Jali kapena pa Govala.

Bringing the Rain to Kapiti Plain, la Verna Aardema la mu 1981, ndi nthano ya ku Kenya ya mbusa amene ng'ombe zake zikuvutika ndi chilala, mtambo uli pamwamba osagwetsa mvula. Nkhani yake ndi yobwerezabwereza, tsamba lililonse likuwonjezera pa lam'mbuyo, ndipo imapereka mpata wokambirana ndi ana za chifukwa chake nyanja imaphwa.

The Very Hungry Caterpillar, la Eric Carle la mu 1969, lamasuliridwa m'ziyankhulo zoposa 60. Limaphunzitsa masiku a pa sabata, kuwerengera ndi momwe mbozi imasandukira gulugufe. Zakudya zina zomwe mboziyo imadya ndi zachilendo kuno, koma moyo wa mbozi mwana wa kumudzi amaudziwa bwino kuposa wa m'tauni, ndipo wofotokoza angathe kuika mango, magwafa ndi masawu m'malo mwa zakudyazo.

Kawerengedwe kake

Buku labwino limatha mphamvu likawerengedwa ngati chilengezo cha pamsonkhano. Mwana akhale pamwendo kapena pambali pa wamkulu kuti onse aziona tsamba limodzi. Asanatsegule, wamkulu afunse za chithunzi cha pachikuto. Mkati, atsatire chimene mwana waloza ngakhale chisakhale pakati pa nkhani, afunse mafunso a "ndani", "akutani" ndi "chifukwa chiyani", ndipo alumikize chithunzi ndi zapakhomo: bwatoli likufanana ndi la yani? Yankho lolakwika silifuna kukalipira. Wamkulu amangobwereza mawu oyenera n'kupitiriza. Mphindi khumi pa tsiku ndi zokwanira kwa mwana wamng'ono, ndipo kubwereza buku lomwelo kambirimbiri kumathandiza, pakuti ulendo uliwonse mwana amatolapo china.

Kusukulu za mkombaphala, kumene mlezi mmodzi amayang'anira ana ambiri, buku liyenera kukwezedwa ndi kuzungulitsidwa pang'onopang'ono kuti wa kumbuyo aone. Nkhani ikatha, ana angathe kuisewera, kuijambula pa mchenga kapena kuumba nyama zake ndi dongo, lomwe kugombe silisowa.

Kupeza ndi kusunga

M'boma la Zomba muli kale chitsanzo cha momwe mabuku ochepa angafikire ana ambiri. Mu 2009 bungwe la Save the Children linayesa m'sukulu za bomali ndondomeko yake ya Literacy Boost, imene inaika mabokosi a timabuku tobwereketsa m'midzi ndi kukhazikitsa magulu a ana owerenga pamodzi ataweruka kusukulu, motsogozedwa ndi achinyamata odzipereka. Njira imeneyi siifuna nyumba. Imafuna bokosi, kope lolembamo obwereka, mthunzi wa mtengo ndi munthu wokhulupirika. Tchalitchi, mzikiti, komiti ya sukulu, gulu la banki m'khonde kapena komiti ya asodzi pa doko, lililonse lingathe kusunga bokosi lotere. Mabuku a Chingerezi amafikanso m'dziko muno kudzera m'mabungwe monga Book Aid International, limene limatumiza mabuku ku National Library Service, koma opatsidwa ayenera kusankhamo oyenera msinkhu ndi moyo wa ana awo m'malo molandira katoni iliyonse.

Adani a buku kugombe ndi chinyezi, chiswe, makoswe ndi madzi osefukira, monga amene anadza ndi namondwe wa Freddy mu Malichi 2023. Ndowa ya pulasitiki yokhala ndi chivindikiro, yoikidwa pamwamba kapena yopachikidwa ku denga, imateteza kwa onsewa. Timabuku tosindikiza pa mapepala wamba timakhalitsa tikasokedwa ndi ulusi pamsana ndi kukutidwa ndi pulasitiki. Komabe kusamala kusafike pobisa buku. Buku la mwana limene lakhala zaka zitatu lili lonyezimira ndiye kuti silinagwire ntchito.

Kumene buku logula silingapezeke, lingathe kupangidwa. Katoni ya sopo yodulidwa mofanana, zithunzi za pa kalendala yakale kapena zojambula za mwana wa Sitandade 7, chiganizo chimodzi cha zilembo zazikulu pansi pa tsamba lililonse, ndi chingwe chomangira, zimapereka buku la masamba asanu ndi atatu lonena za mudzi womwewo.

Zimene zikusowabe

Mwa mabuku onse amene atchulidwawa, palibe limene nkhani yake ndi ya Chilwa. Chikhalirecho nyanjayi ili ndi zojambula zokwanira mabuku ambiri: zimbowera zoyandama momwe asodzi amagona, njedza ndi mabango, mono ndi khoka, matemba pa thandala, akakowa ndi atsekwe amene anachititsa kuti dambo lake likhale malo oyamba m'Malawi kulowa m'pangano la Ramsar loteteza madambo, ndiponso ulendo wa pa boti wopita ku Chisi umene pa chilala umasanduka wa pansi. Boma lomweli lili ndi akatswiri a maphunziro ku Domasi, ophunzira zojambula ku University of Malawi, ndi Centre for Language Studies yomwe inakhazikitsidwa mu 1996 ndipo imakonza malamulo a kalembedwe ka Chichewa, Chiyao ndi ziyankhulo zina. Alembi, ojambula ndi osindikiza a ku Zomba ali ndi zonse zofunika kuti mwana wa ku Kachulu apeze buku la nyanja yake m'chiyankhulo chake, ndipo kufikira buku limenelo litalembedwa, banja kapena sukulu ya mkombaphala yoyamba kusonkhanitsa mabuku iyambe ndi nthano za m'Chichewa, iwonjezere limodzi lopanda mawu, kenako limodzi lonena za Malawi.